PAKATI PA CHIPATALA NDI KHOMO LA WOSAUKA

Nkhani ya mwezi uno tiiyambira m'kalasi. Ife aphunzitsi tili ndi buku limodzi limene anthu ambiri saliwerengera, ndilo kaundula woitanira maina a ana m'mawa. Bukuli ndi mboni yosanama. Pakhomo pakagwa njala, matenda kapena chisokonezo cha banja, kaundula amayamba kudziwa nyakwawa asanamve, pakuti mwana amene ankayankha tsiku ndi tsiku amangoti zii.

M'mwezi wa Januwale 2025 mtsikana wina wa Sitandade 4, mwana wakhama ndi waulemu, adajomba milungu iwiri yathunthu. Njala idali itafika posauzana, popeza mvula idadula koyambirira kwa 2024 ndipo Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Titafunsa anzake adangoti, "Akulera mwana." Loweruka m'mawa tidapalasa njinga kukamuona. Tidapeza kanyumba kaudzu kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi dambo, mtsikanayo ali pakhonde atabereka mlongo wake wa zaka ziwiri. Mayi wa anawo adali atamwalira, bambo adapita ku Joni osamvekanso, tsono agogo awo aakazi adakawatenga ku mudzi wina wakutali. Agogowo ankalawirira mbandakucha kukagwira maganyu obandira m'minda ya ena, malipiro ake kambale ka madeya, ndipo wotsala ndi mwana adasowa.

Titamutsitsa mwanayo kumsana tidaona zimene maso safuna kuona. Mapazi ndi masaya zidali zotupa, tsitsi lidali litafiira ngati ndevu za chimanga, ndipo sankalira kapena kuseka, ankangoyang'ana. Titadina phazi ndi chala padatsala kadzenje. Agogo atafika tidalonjerana, kenaka tidafunsa: "Agogo, kodi mwanayu mudapitapo naye ku sikelo?" Iwo adayankha modekha: "Aphunzitsi, ndikapita ku chipatala tsiku latha, nanga madzulo awa adya chiyani? Akakandigoneka kumagulu mwezi wathunthu, munda wanga alima ndani? Ndiponso anthu akundiuza kuti ndi tsempho, ndipo tsempho sachizira ku chipatala."

Tisafulumire kuwaweruza agogo amenewa. Pa za tsempho adasokeretsedwa, koma pa za munda ndi chakudya cha madzulo adawerengera bwino lomwe. Chimene chidatipweteka mtima pambuyo pake nchakuti zonse zimene mwanayo ankasowa zidalipo kale. Chipatala chidali ndi mankhwala ndi chiponde pa mtunda wa makilomita 12. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu adali ndi lamba woyezera mkono, koma dzina la mwanayo silidali m'buku lake popeza adachita kubwera. Amayi a Chigwirizano a mlaga umenewo ankalidziwa banjalo, ndipo adali atakasiyako ufa kawiri. Ife a sukulu tidali ndi kaundula. Aliyense adagwira kachigawo kake mokhulupirika, koma palibe amene adauza mnzake. Taona kuti mabanja ovutikitsitsa kawirikawiri satayika chifukwa chosowa mabungwe othandiza; amagwera pa mpata umene uli pakati pa bungwe ndi bungwe linzake.

CHIPATALA CHILI NDI MANKHWALA, MUDZI ULI NDI MAINA

Kugwirizana pa za umoyo si chinthu chachilendo mu Mpingo wathu. Amishoni adamanga zipatala pamodzi ndi matchalitchi ndi masukulu. Chipatala cha David Gordon ku Livingstonia chidatsegulidwa mu 1911, cha Nkhoma mu 1915, ndipo ku Mulanje, ku Ekwendeni ndi ku Embangweni kulinso zipatala za C.C.A.P. Mu 1966 Akatolika ndi Aprotestanti adaika zipatala zawo pansi pa bungwe limodzi lotchedwa PHAM, limene lero tilidziwa ndi dzina lakuti CHAM. Zipatala zimenezi zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'Malawi, ndipo zambiri zili kumidzi kumene kulibe chipatala china.

Koma chipatala cha mishoni chimalipiritsa pamene cha Boma nchaulere, kotero mmphawi wokhala pafupi ndi mishoni ankafanana ndi munthu wogona m'mbali mwa nkhokwe yokhoma. Nchifukwa chake kuyambira mu 2006 Unduna wa Zaumoyo udayamba kupangana ndi zipatala za CHAM, chimodzi ndi chimodzi, kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere, Boma n'kumabweza ndalamazo. Pangano limeneli silifanana pa zipatala zonse, ndipo nchanzeru kuti akulu a mpingo akafunse ku chipatala cha kwawo kuti chaulere ndi chiti, kenaka alengeze m'milaga. Takumana ndi amayi amene adachirira kunyumba poopa kulipira ndalama zimene palibe amene akadawafunsa.

Pakati pa chipatala ndi mudzi Boma lidaikapo munthu mmodzi amene sitimulemekeza mokwanira, ndiye mlangizi wa zaumoyo. Ntchito yake idachokera kwa anthu otemera nthomba a m'zaka za m'ma 1960 ndi kwa ena amene adalembedwa kolera atabuka mu 1973. Lero ndiye amayeza ana pa sikelo, kupereka katemera, kuona zitsime ndi zimbudzi, ndipo kuyambira mu 2008 ambiri a iwo adaphunzitsidwa kuchiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu m'midzi yotalikirana ndi chipatala. Cholinga cha Boma nchakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma ambiri amayang'anira oposa pamenepo. Ali ndi miyendo iwiri ndi njinga imodzi, ndipo m'dzinja mitsinje imadzaza.

Tsono taganizani za amayi a Chigwirizano, amene m'Sinodi ya Nkhoma akhala akutumikira chiyambire 1940, ndi anzawo a Mvano ku Blantyre ndi a Umanyano ku Livingstonia. Iwo alibe mankhwala, koma m'mudzi uliwonse alimo. Amakumana pachitsime, pachigayo ndi pamaliro. Amadziwa nyumba imene utsi sunafuke dzulo, amadziwa mtsikana amene akubisa pathupi, amadziwanso mayi amene wasiya kuyamwitsa khanda chifukwa waimanso. Zimene iwo amadziwa popanda kulemba, namwino sangazipeze m'buku lililonse. Chomwechonso makomiti a m'mudzi osamalira ana amasiye, magulu a banki mkhonde ndi amayi ophikitsa phala ku sukulu za mkombaphala.

ZIMENE ZIDACHITIKA KU DOWA

Njala ya 2002 ambirife tikuikumbukira. Anthu adadya madeya, zitsa za nthochi ndi mizu ya kuthengo, ndipo mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Masiku amenewo mwana wonyentchera kwambiri ankachizidwa m'njira imodzi yokha, ndiyo kugonekedwa kumagulu pamodzi ndi mayi wake milungu itatu kapena inayi, akumamwa mkaka wapadera wosungunula m'madzi. Mkakawo udali wabwino ndithu, koma mabedi adali ochepa, ana ofooka ankapatsirana matenda, ndipo mayi ankagona m'chipatala mtima uli ku ana ena ndi ku munda. Ambiri ankabwera mochedwa mwana atathekeratu, ena ankathawa mwana asanachire, ndipo ochuluka sankabwera n'komwe.

Chaka chomwecho, m'boma la Dowa, mabungwe awiri ochokera kunja, Concern Worldwide ndi Valid International, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, adayesa njira ina, yakuti mwana azichira ali kunyumba. Chida chawo chidali chiponde chimene tonse tikuchidziwa tsopano. Adachikonza koyamba ku France mu 1996, pa nzeru za dokotala wotchedwa André Briend, ndipo kuno kwathu dokotala wina, Mark Manary, adayamba kuchiyesa pa ana a ku Blantyre mu 2001. M'kapaketi ka magalamu 92 muli mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere yofunika m'thupi. Ubwino wake waukulu ngwakuti mulibe madzi, kotero tizilombo sitiswanamo. Sichilira nkhuni, sichilira poto, sichilira madzi a pachitsime. Mwana amangoboola ndi kuyamwa.

Komatu chiponde pachokha sichiyenda. Chimene chidasintha zinthu ku Dowa nchakuti anthu a m'midzi momwemo, mafumu ndi ongodzipereka, adatenga udindo wofunafuna ana odwala khomo ndi khomo. Ntchito yake si yofuna sukulu yaikulu. Mkono wa mwana umayezedwa ndi kalamba ka mitundu itatu, pakati pa phewa ndi chigongono. Masiku ano ukachepera masentimita 11.5 kalambako kamaonetsa pofiira, ndipo mwanayo ali pa ngozi ya imfa. Pachikasu ndi chenjezo. Pobiriwira ali bwino. Kenaka mapazi onse awiri amadinidwa ndi chala, ndipo pakatsala kadzenje mwanayo atumizidwe tsiku lomwelo. Ku chipatala amamupima ndi kumulawitsa chiponde. Akakana kudya, kapena akapezeka ndi matenda ena aakulu, amagonekedwa kumagulu masiku ochepa. Akadya, amabwerera kwawo ndi mapaketi a mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo wongodzipereka uja amamuyendera kuti aone ngati akudyadi ndiponso kuti mayi asaiwale tsiku lobwerera.

Apa pali phunziro limene tifuna kuti lisatiphonye. Madokotala adavomera kuti sangathe kufika pa khomo lililonse, ndipo adakhulupirira mayi wa kumudzi ndi mnansi wake. Anthu a m'mudzi nawonso adavomera kuti kutupa kwa mwana si mlandu wa makolo woti ukambidwe mseri, koma ndi matenda a njala ochizika. Mu 2006 Boma lidalandira njira imeneyi kuti ifalikire m'dziko lonse, ndipo mu 2007 mabungwe a WHO ndi UNICEF adailimbikitsa kwa maiko onse. Chimene chidayesedwa m'midzi ya ku Dowa ndi m'maiko ena ochepa a mu Africa lero chikupulumutsa ana kutali kumene sitidzafikako.

KU EKWENDENI ADALOWA M'MUNDA

Abale athu a Sinodi ya Livingstonia adaona vuto lomweli kuchokera mbali ina. Pa chipatala cha Ekwendeni ogwira ntchito adazindikira kuti ana amene achira kumagulu akubwerera ku umphawi womwe udawadwalitsa. Atafunsa makolo adamva kuti nthaka idaguga, feteleza ngwodula, ndipo m'munda muli chimanga chokhachokha. Mu 2000 adayambitsa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities, pamodzi ndi alimi a m'midzi yozungulira ndi ofufuza a ku Canada. Alimi okha ndiwo ankayesa m'minda yawo kubzala nandolo, mtedza, soya ndi kalongonda, kusakaniza kapena kusinthanitsa ndi chimanga, ndi kukwirira zotsalira zake kuti chonde chibwerere.

Zokolola zidayamba kusintha, koma padaoneka china chimene mankhwala ndi mbeu sizikadatha. Abambo ena ankagulitsa mtedza ndi soya yense, ndalama n'kuthera kwina, mwana osalawako. Agogo ena, amene mawu awo ndi lamulo pa mtengwa, ankalamula kuti khanda lipatsidwe madzi a zitsamba ndi phala lamadzimadzi lisanakwane miyezi isanu ndi umodzi, nthawi imene liyenera kuyamwa bere lokha. Tsono anthu a chipatala sadangolalikira amayi pa sikelo monga mwa chizolowezi. Adaitana abambo ndi agogo kudzakambirana, nakonza masiku ophikira pamodzi, amuna nawonso atagwira mthiko. Ofufuza atayeza ana patapita zaka adapeza kuti a m'midzi imene idakhalitsa pa ntchitoyi adakula bwino kuposa kale. Abambo anzathu, nkhaniyi itiyang'ana m'maso. Ambiri a ife timadziwa mtengo wa thumba la soya pa msika, koma kabuku ka sikelo ka mwana wathu sitidakatsegulepo.

Ntchito zotere, pamodzi ndi katemera, maneti ndi mankhwala a malungo, zabala zipatso zooneka. Kafukufuku wa Boma wa 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 adapeza 63. Tiyenera kuyamika Mulungu pa ichi. Koma kafukufuku yemweyo adapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse ndi opinimbira. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo sikukhudza msinkhu wokha ayi, kumakhudzanso ubongo. Ife timakumana nawo ana otere mu Sitandade 1. Timawakalipira kuti ndi ogona, pamene mlandu udachitika iwo asanadziwe n'kuyankhula komwe.

ZIMENE ZIMAONONGA MGWIRIZANO

Sitingakhale oona mtima tikangoyamikira. Choyamba chimene chatilowa ndi matenda a alawansi. Kale belu likalira kuti tikakonze mlatho wopita ku chipatala, anthu ankangonyamula makasu. Lero uthenga wa maphunziro a zaumoyo ukafika, funso loyamba limakhala lakuti kodi kuli kangachepe, ndipo amene amasankhidwa kupita nthawi zina ndi wodziwa kuyankhula, osati wodziwa kuyenda. Komabe tisamunyoze wongodzipereka weniweni. Iyenso ndi wosauka, ndipo tsiku limene wayendera odwala ndi tsiku limene sadalowe m'munda mwake. Ngati mpingo ufuna kuti apitirize, umugulireko tayala la njinga ndi sopo, ndipo achinyamata akamupalirireko.

China ndi kalembera. Bungwe likabwera kudzafuna maina a ovutika, olembedwa amakhala amene adapezeka pa msonkhano. Koma wovutikitsitsa sabwera ku msonkhano. Alibe chitenje choti angaonekere nacho pagulu, kapena ali ku ganyu, kapena ndi wobwera wopanda omuyankhulira. Pamenepa ife akulu a mpingo tidziyese tokha, chifukwa nafenso tili ndi kalembera wathu wa mumtima. Timakumbukira msanga banja lopereka bwino ndi loimba kwaya. Nanga mtsikana amene tidamudula chifukwa cha pathupi pa kutchire, mwana wake amamuyendera ndani? Nanga banja la Chisilamu, kapena la kudambwe, limene lili m'mudzi womwewo? Mwambo wa Mpingo uli ndi malo ake ndipo sitikuutsutsa. Koma chipatala chikatikhulupirira kuti tikhale maso ake m'mudzi, chimatituma kwa ana onse, ndipo kalamba koyezera mkono sikafunsa kalata ya ubatizo.

Palinso kugawana ndi kugulitsa chiponde. Tachionapo pa msika, ndipo taonapo anyamata a ndevu akuchipaka pa buledi. Ogula otere akudya moyo wa mwana, ndipo Mkhristu sayenera kupezeka pakati pawo. Koma mayi amene ali ndi ana anayi anjala, mmodzi yekha akuyamwa kapaketi enawo akumuyang'ana, tingamuuze chiyani? Chipatala chimachiza mwana mmodzi, pamene njala ili pa nyumba yonse. Apa mpomwe pafunika ena: komiti ya m'mudzi ione ngati banjalo lingalowe mu Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama limene Boma lidayambira ku Mchinji mu 2006; ana aang'ono alembedwe ku mkombaphala; atumiki atsegule nkhokwe ya mpingo. Wina akapanda kuchita mbali yake, mbali ya namwino imagwa nayo.

Chomaliza, ndipo tichinena ndi manyazi, ndi lilime. Anamwino ambiri amaopa kutiuza za odwala chifukwa adaona chinsinsi cha munthu chikusanduka nkhani ya pachitsime, mwinanso chitavekedwa dzina lakuti chopempherera. M'zaka za m'ma 1990, Edzi ili pachimake ndipo mankhwala kulibe, anthu a m'mipingo adasambitsa ndi kudyetsa odwala m'makomo mwachifundo chachikulu, ndipo mbiri imeneyo ndi yabwino. Kuyambira mu 2004 mankhwala otalikitsa moyo akhala akuperekedwa mwaulere, komabe alipo anthu amene amadumpha chipatala chapafupi kukatengera kutali poopa maso athu. Aliponso alaliki amene amauza odwala kuti ataye mankhwala ngati chizindikiro cha chikhulupiriro. Mpingo umene udamanga chipatala pafupi ndi tchalitchi sungavomereze chiphunzitso chotere.

ALENDO AKAPITA

Mu Januwale 2025, mwezi womwe tidapeza mwana uja, Boma la America lidaimitsa thandizo lake lambiri la ku maiko ena, ndipo bungwe lake la USAID, limene lidathandiza zaumoyo kuno zaka zambiri, lidatsekedwa chaka chomwecho. Mabungwe ena adachepetsa antchito, ndipo magalimoto amene tidazolowera kuwaona m'misewu yafumbi adayamba kusowa. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Sitinena izi monyoza, pakuti alendowo adatichitira zazikulu, ndipo chopereka cha Sabata sichingagule chiponde kapena mankhwala a Edzi; zimenezo ndi za Boma ndi abwenzi ake, ndipo tiyenera kupitiriza kuzipempha molimba mtima. Koma pamene bungwe lidagwira ntchito lokha, lili ndi makomiti akeake, zonse zidatha tsiku limene galimoto idapita. Pamene lidalumikizana ndi mlangizi, mfumu ndi mpingo, china chake chidatsala, chifukwa amenewa sasamuka.

Mu chaputala chachiwiri cha Marko timawerenga za munthu wofa ziwalo amene adanyamulidwa ndi anzake anayi. Mphamvu yochiritsa idali m'nyumba, wodwala adali pa mphasa, ndipo anayiwo adalibe mankhwala alionse. Adali ndi mapewa okha, ndi khama losasula denga khomo litadzaza. Maina awo sadalembedwe.

Tibwerere kwa agogo aja. Tsiku la Sabata, mapemphero atatha, tidakhala pansi ndi amayi atatu a Chigwirizano ndi mtumiki wa mlagawo, ndipo madzulo tidakaonana ndi mlangizi kwawo. Iye adadabwa kumva kuti m'dera lake muli mwana amene sakumudziwa, ndipo Lolemba dzuwa lisanakwere adali atafika. Chovuta chidali kuwakopa agogo. Mayi wina wachikulire, amene mdzukulu wake adachirapo matenda omwewo, ndiye adawagonjetsa. "Anzanga," adatero, "wanganso ankati ndi tsempho. Si uyo akuthamangitsa mbuziyo? Pitani, munda tiuona ife." Achinyamata awiri adawanyamula pa njinga. Ku chipatala mwanayo adakana chiponde, kotero adagonekedwa kumagulu masiku asanu ndi anayi. Masiku onsewo amayi adasinthana kugona ndi mtsikana uja, ndipo a kwaya adabandira munda wonse Loweruka limodzi. Atatuluka adalandira chiponde milungu isanu ndi iwiri, ndipo mtumiki ankabweretsa ufa wa m'nkhokwe ya mpingo mlungu ndi mlungu kuti mapaketi a mwana asagawidwe.

Zitatha izi bwalo la akulu a mpingo lidapangana zinthu zochepa zimene mpingo uliwonse ungathe popanda kudikira wobwera. Tidapempha mlangizi kuti miyezi itatu iliyonse azikumana ndi amayi a Chigwirizano ndi atumiki. Mlaga uliwonse udauzidwa kusankha mayi mmodzi wosunga chinsinsi, kuti mlangizi amuphunzitse kayezedwe ka mkono. Pa chopereka cha masika tidapatula matumba angapo a chimanga ndi soya oti asagulitsidwe, akhale a mabanja amene ali ndi mwana wodwala. Ife a sukulu tidalonjeza kuti mwana akajomba masiku asanu popanda chifukwa chodziwika, tizituma uthenga kwa mayi wa mlaga wake. Maina a mabanja otere sawerengedwa m'tchalitchi. Amadziwa ndi anthu atatu okha.

Sizonse zayenda. Milaga iwiri mpaka lero sinasankhe munthu, akuti akudikira kumva za alawansi. M'mudzi woyandikana ndi wathu mwana wina adamwalira mu Febuluwale womwewo atatupa chimodzimodzi, ndipo tidamva pa maliro. Mtsikana wathu uja adalephera mayeso a chaka chimenecho nabwereza Sitandade 4, koma tsopano sajomba. Mlongo wake amapita ku mkombaphala atanyamula kakapu kake kapulasitiki. Tsitsi lidada, masaya adaphwa, ndipo ngwosokosa ngati ana onse. Ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake obadwa nawo chaka chimodzi, ndipo namwino adawauza agogo mosabisa kuti msinkhu umene udatayika mwina sudzabwerera wonse. Agogo amapita naye ku sikelo mwezi ndi mwezi, kabuku atakakulunga m'pepala la shuga kuti kasanyowe ndi mvula.